Chingerezi Chimene Ana Akutola ku Magemu



Lachinayi lapitali, titatha kuwerengera ndalama za gulu lathu, mayi wina anaimirira ndi dandaulo. Anati mwana wake wamwamuna wa Sitandade 7 wayamba kulankhula yekha ngati wogwidwa ndi mizimu. Akamamenya mpira wachikulunga pabwalo, pakamwa pake pamangotuluka Chingerezi chothamanga ndi chokweza mawu, chimene sanachimve kwa mphunzitsi aliyense. Mayiyo atafufuza anapeza kuti ndalama za zitumbuwa zimathera m'kanyumba kena kumsika, kumene anyamata amalipira kuti asewere mpira wa pa kanema. Tsono anafunsa kuti, kodi amkwapule kapena amleke? Ambiri anati amkwapule. Ine ndinakhala chete, pakuti nkhani yomweyi ili m'nyumba mwanga, ndipo ndinafuna kuiyankha pano mosathamanga.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho kwa inu amene simunachione. Magemu amenewa amaseweredwa pa makina otchedwa PlayStation, pa kompyuta, ngakhalenso pa foni. Amene anyamata athu amawakonda kwambiri ndi a mpira wamiyendo. Gemu ina inkatchedwa FIFA kuyambira mu 1993, kufikira mu 2023 pamene eni ake, a kampani ya Electronic Arts ya ku America, anaitcha EA Sports FC. Ina ndi ya kampani ya Konami ya ku Japan, imene kale inkatchedwa PES koma mu 2021 inasanduka eFootball. Mwana amayendetsa osewera ndi zala zake, ndipo pamene akutero pamamveka mawu a oulutsa mpira, monga timamvera pa wailesi. Mawuwo ndi a anthu enieni a ku Britain amene anawajambula: Martin Tyler anamveka mu FIFA zaka zambiri, pambuyo pake panabwera Derek Rae, ndipo mu PES munamveka Peter Drury, amene abambo a kunyumba kwanu angamdziwe ngati amatsata mipira ya ku England.

Kunena zoona, ine ndinkadana nazo zimenezi. Maganizo anga anayamba kusintha tsiku limene ndinabwera kunyumba ndi pepala la ngongole ya gulu, lolembedwa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, motero ndinali kuwerenga mogwa modzuka. Ndinakakamira pa mawu akuti "penalty". Mwana wanga wachiwiri, amene ali Folomu 1, anasuzumira nati, "Imeneyo ndi penate, amayi." Ndinaseka mpaka misozi. Penate pa ngongole? Koma iye anaganiza pang'ono nati, "Penate amapereka munthu akalakwa. Ndiye kuti mukachedwa kubweza akulangani." Ndipo zinalidi choncho: chinali chindapusa. M'munsi mwake munali mawu akuti "opportunity", ndipo sanachedwe kundiuza kuti ndi mwayi, chifukwa muulutsi amatero wosewera akatsala yekha ndi goloboyi.

Usiku umenewo ndinalingalira kwambiri. Ife tinkaloweza mawu a Chingerezi pa bolodi ngati zinkhwe, mtima uli thi thi thi kuopa chikwapu ndi kusekedwa ndi anzathu, ndipo pofika Lolemba tinali titaiwala. Mwana wa pa gemu amamva mawu pa nthawi yomweyo imene chinthucho chikuchitika pamaso pake, ndipo wachichititsa ndi iye mwini. Akagwetsa mnzake amamva "foul". Wosewera akapweteka amamva "injury", wina akalowa m'malo mwake amamva "substitute". Lero amva, mawa amvanso, mwezi wathunthu, popanda womuseka akalakwitsa. Kodi si momwemo tinaphunzirira mayina a ziwiya za kukhitchini, amayi athu akutituma mthiko ndi chipande? Palibe anatilembera pa bolodi.

Koma musafulumire kukondwa. Chingerezi chimenechi ndi cha khutu. Nditamuuza mnyamata wanga kuti alembe "opportunity" uja, analemba zosadziwika mutu wake. Ndiponso ndi chopapatiza: mwana akhoza kudziwa njira khumi zotamandira chigoli, koma osatha kulemba kalata yopempha malo a sukulu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kopambana ndi china. Pali magemu ena, monga PUBG Mobile ndi Free Fire, amene ana amasewera pa intaneti ndi anthu a kumaiko ena, akulankhulana ndi kulemberana. Kumeneko kulibe muulutsi wolankhula ziganizo zathunthu. Kuli chilankhulo cha osewera okhaokha, chodulidwadulidwa. Pomaliza masewero amalemba "GG", kufupikitsa "good game", kutanthauza kuti taseweradi bwino. Wina akachoka pang'ono amati ali "AFK". Intaneti ikamachedwa amati pali "lag". Katundu wotola kapena wolanda kwa mdani amati "loot". Mawu amenewa si oipa onse. "Loot" ndi "lag" alimo ndithu m'Chingerezi cha anthu akuluakulu. Koma amabwera osakanizika ndi zachipongwe ndi zotukwana, ngati mpunga wosapeta, ndipo mwana sadziwa kusiyanitsa.

Ndinazionera ndekha pamene alongo anga aakulu anabwera kuchokera kumudzi. Anali atagula foni yatsopano ndipo inali kuwavuta kutsegula. Mnyamata wanga ananong'oneza mng'ono wake mawu akuti "noob", onse awiri n'kuyamba kuseka chamumtima. Mawuwo sindinawadziwe, koma kaseke ka mwano mayi amakadziwa m'chilankhulo chilichonse. Ndinamuitana ndi kumuuza kuti, "Bwereza zimene wanenazo m'Chichewa, pamaso pa atsibweni ako." Anazyolika. Patapita nthawi ananena motsitsa kuti ndi munthu wongoyamba kumene, wosadziwa kanthu, mbuli. Atsibweni ake enieni, mwini mbumba, amene anagulitsa mbuzi kuti iyeyo apite ku sekondale! M'Chichewa sakanayerekeza. Chingerezi chinamubisa nkhope, ndipo iye sanamve kulemera kwa chimene ananena kufikira atachitembenuza.

Taganizani, amayi, ndi mawu angati otere amene akunenedwa m'nyumba zathu ife tikumwetulira, tikuyesa kuti mwana wathu ndi wophunzira.

Kusukulu nakonso chilankhulo chimenechi chilibe malo. Mphunzitsi wake anandionetsa chimangirizo cha Chingerezi chimene anachimaliza ndi "GG", inki yofiira ili mbwee. Mukudziwa kuti pa mayeso a MSCE mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Ochonga mayeso a MANEB safunsa kuti unamwetsa zigoli zingati.

Nanga ndinachita chiyani? Sindinathyole foni, ndipo kumsika kuja sindinamletse kotheratu. Ndinagula kope. Tinapangana kuti amasewera Loweruka lokha, ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo itatha, ndiponso ndi ndalama imene ndampatsa ndikudziwa. Pobwera amalemba mawu asanu amene wamva kwa oulutsa aja. Madzulo, ine ndikupeta kapena kusenda, amandiuza tanthauzo lake m'Chichewa, kenaka amapanga chiganizo chosakhudza mpira. Apa ndi pamene pamatuluka thukuta. "Defend" wa pa bwalo ndi wosavuta, koma kuti anene za nkhuku yoteteza anapiye ake kwa mphamba, amayenera kuganiza. Kalembedwe kake amakafunsa kwa aphunzitsi Lolemba. Mawu a osewera anzake aja ali ndi tsamba lawolawo kumapeto kwa kope, ndipo amene akukanika kunditanthauzira osagwetsa nkhope, amenewo salowa m'nyumba mwanga. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muchite zimenezi. Nkhope ya mwana wanu mumaidziwa.

Ndinenepo pang'ono za atsikana. M'tinyumba ta magemu mumadzaza anyamata, pamene alongo awo ali kuchitsime kapena pamoto. Sindikunena kuti muwatumize kumsika, ayi. Koma ngati foni ya pakhomo imagwidwa ndi mnyamata, mtsikana aigwirenso, ndipo kope lija likhale la onse. Wanga wamkazi ndiye amene tsopano amagwira mchimwene wake akalakwitsa kalembedwe, ndipo sam'mvera chisoni.

Mayi wa dandaulo uja ndamtumizira uthenga kuti Lachinayi likudzali abwere ndi mwanayo ku gulu. Tidzamuika pakati, atiulutsire mpira wake uja m'Chingerezi monga amachitira pabwalo, kenaka atibwerezere zonse m'Chichewa. Za ndalama za zitumbuwa adzakambirana ndi amayi ake kunyumba.