Musanasiye nsima, kayezetseni impso

Kwabuka fashoni pakati pa amayi ndi abambo ofuna kuchepetsa thupi: kusiyiratu nsima n'kumangodya nsomba, mazira ndi nyama. Kuno ku Senga Bay, komwe usipa ndi utaka zimachita kutipeza pakhomo, nzeru imeneyi ikuoneka yosavuta.

Ine sindikudana ndi kuchepetsa thupi. Munthu wa impso zabwinobwino akadya zomanga thupi zochulukirapo, kawirikawiri palibe chovuta. Koma zotsalira za zakudya zimenezi zimasefedwa ndi impso, ndipo impso zomwe zafooka kale ndi shuga kapena BP zimalemedwa nazo msanga. Choopsa n'chakuti impso zimadwala mwakachetechete. Miyendo imadzatupa zinthu zitaipa kale.

Ife a m'mbali mwa nyanja tilinso ndi mdani wina: likodzo. Likakhalitsa osachizidwa limawononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo, mpaka kukafika ku impso. Ndi angati mwa ife amene tinkakodza magazi tili ana, osakaonana ndi dokotala?

Choncho musanataye mthiko, pitani kuchipatala cha boma ku Salima mukayezetse BP, shuga ndi mkodzo. Impso zikalephereratu, makina osefa magazi mudzawalondola ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, kawiri kapena katatu sabata iliyonse.