Kodi Tasunga Madzi Ochuluka Bwanji?

Ife a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni timalidziwa bwino tsiku limene mpopi umangotulutsa mpweya. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda. Magetsi akazima, mapampu amaima. N'chifukwa chake timasunga madzi. Koma tikafunsidwa kuti tasunga malita angati, ambiri timangopenekera.

Yankho lili m'makope a ana athu. Kusukulu amaphunzira za prism: chinthu cha mbali zoongoka, chimene pansi ndi pamwamba pake m'pofanana kukula. Njerwa, katoni ya sopo ndi thanki yomanga ya ngodya zinayi zili m'gulu limeneli. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tiyeze m'kati mwa thanki m'masentimita, tichulukitse m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, kenako tigawe ndi 1,000. Thanki ya masentimita 100 m'litali, 60 m'lifupi ndi 50 kuya imalowa malita 300. Ngati m'banja tilimo anthu 6 ndipo aliyense agwiritsa ntchito malita 20 patsiku, madziwo atha pa masiku awiri ndi theka.

Ubwino wina wa thanki yotere ngwakuti madzi akafika pakatikati, ndiye kuti atsala theka ndendende. Dilamu yoimika nayonso ili chimodzimodzi. Choncho tikhoza kulemba zizindikiro pandodo yoyera n'kumayezera tsiku lililonse.

Ndowa ndi yosiyana. Kukamwa kwake n'kotakasuka, pansi m'popapatiza. Madzi akafika pakati pa ndowa ya malita 20, sanakwane malita 10. Izi n'zofunika pothira mankhwala a kolorini, pakuti muyeso wolembedwa pabotolo umatengera malita. Tikachepetsa, tizilombo sitifa; tikachulutsa, madzi amanunkha ndipo ana amathawira kumadzi osatetezedwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale mumzinda muno.

Sabata ino, titenge botolo la malita awiri, tithire madzi m'ndowa kasanu, n'kulemba mzere pamene afika. Tithirenso kasanu, tilembe mzere wina. Ana agwire cholembera ndipo awerengere okha. Pomaliza tivundikire bwino chosungira chilichonse, kuti udzudzu usaikiremo mazira.