MAWU A MSILIKALI WODZIGONEKA

Abale a m'nthambi zonse, tamverani. Pali mawu ena a Chingerezi amene ayamba kutitseka pakamwa m'misonkhano yathu. Munthu akangoimirira kufunsa chifukwa chake sikelo ya ogula mtedza imadya mbali imodzi, pomwepo wina wophunzira akonza tayi yake nanena kuti, "Discretion is the better part of valour." Pomasulira ati kulimba mtima kwenikweni ndiko kuchenjera, osaputa zinthu. Anthu aomba m'manja, nkhani ithera pomwepo, sikelo ikhalabe yokhota.

Kodi anzathuwa amdziwa mwini wake wa mawuwa? Tiwauze ndife. Angerezi anawatola m'sewero la William Shakespeare lotchedwa Henry IV, gawo loyamba, losindikizidwa m'chaka cha 1598. Wolankhulayo ndi Falstaff, msilikali wonenepa, chidakwa ndiponso wabodza. M'seweromo, pa nkhondo ya ku Shrewsbury ya m'chaka cha 1403, Falstaff poona kuti Douglas amupha, anadzigwetsa pansi nadziumitsa ngati mtembo. Atatsala yekha anadzuka nayamba kudzitama kuti wachita mwanzeru. Si pokhapo ai. Anapeza Hotspur, mtsogoleri wa adani, ataphedwa kale ndi mwana wa mfumu. Iye anabaya mtembowo pantchafu, nausenza, kuti akalandire mphotho monga wapha ndiye. Shakespeare analemba izi kuti anthu aseke. Lero tiuzidwa kuti ndizo nzeru za akulu!

Ife sitikana kusamala. Makolo athu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mngerezi yemwe, akanena mawuwa moona, atanthauza kuti usadziponye m'ngozi yopanda phindu. Wopita kwa mfumu avula chipewa, asankha mawu, koma mlandu autula ndithu. Kusamala kotere kufuna mboni, kufuna kulemba tsiku ndi kulemera kwa thumba lililonse, kufuna kupita anthu khumi m'malo mwa mmodzi. Kusamala kwa Falstaff ndiko kugona chafufumimba kufikira anzako atatsiriza nkhondo, kenaka nkudzuka kudzalandira mpando. Otere tiwadziwa, tsiku losankha komiti ndiwo ayamba kufika.

Tsono pa msonkhano ulinkudza, wina akatulutsa Chingerezi chimenechi, wapampando amfunse m'Chichewa: tisamale kufikira liti, nanga apite ndani kukadandaula za sikeloyo? Mlembi alembe yankho lake m'buku, pamodzi ndi dzina lake.