Kulipira sikugula chinsinsi

Abale athu ambiri ochokera ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi amatha masabata akugulitsa usipa ndi utaka m'misika ya ku Nsaru, Namitete, Mpingu ndi kwa Kabudula m'boma la Lilongwe. Kumeneko, kutali ndi kwawo, foni ndiyo yasanduka mlangizi. Imawauza nthawi ya Swala ndi kumene kuli Qibla, ndipo ena amaifunsa za matenda, za ngongole ndi za mavuto a m'banja, zimene sangathe kuulula ngakhale kwa Shehe wawo. Ambiri sadziwa kuti funso lolembedwa pa intaneti limasiya mapazi.

Makampani ofufuzira nkhani mwaulere, monga Google, amapeza ndalama potsatsa malonda ogwirizana ndi zimene munthu akufufuza. Poona kuti anthu atopa nazo, kwabwera ena olipiritsa, monga Kagi, amene amalonjeza kuti satsatsa malonda ndipo sagulitsa mbiri ya munthu. Lonjezoli n'labwino, koma tilisinkhesinkhe. Wolipira amatsegula akaunti ndi kupereka njira yolipirira, ndipo apa dzina lake limayandikira ku mafunso ake. Kwathu kuno, kuyambira mu 2018, simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, choncho ndalama yochoka pa foni imanyamula dzina. Chimene chimatsala ndi kukhulupirira mawu a kampani imene sitinaionepo.

Mbiri yatiphunzitsa kale. Mu 2006, kampani ya AOL ya ku America, imene anthu ambiri ankailipira mwezi ndi mwezi, inatulutsa poyera mafunso pafupifupi 20 miliyoni a anthu oposa 650,000. Mayina inawachotsa n'kuikapo manambala, komabe atolankhani a New York Times anamuzindikira mayi wina pongowerenga zimene ankafufuza. Mu November 2020 kunamveka nkhani yotikhudza ife Asilamu: pulogalamu ya Muslim Pro, yotchuka pa nthawi za Swala, inkapereka uthenga wa malo amene anthu ali ku kampani ya X-Mode, imene ena mwa makasitomala ake ankagwira ntchito ndi asilikali a America. Eni pulogalamuyo anakana kuti ankagulitsa uthengawo kwa asilikali, koma anathetsa mgwirizano ndi X-Mode.

Chisilamu sichinasiye nkhaniyi m'malere. Mu Surat Al-Hujurat, ndime 12, Allah waletsa kufufuzana zobisika, ndipo mu Surat An-Nur, ndime 27, watilamula kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba ya wina. Chinsinsi cha munthu ndi amana kwa aliyense amene wachigwira, kaya ndi kampani ya kunja, kaya ndi mnyamata wokonza mafoni pamsika, kaya ndi mwamuna amene wapeza foni ya mkazi wake ili pamphasa.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene zasungidwa zokhudza iye ndi kupempha kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe. Koma lamulo lokhala m'Chingerezi mokha silingamuthandize wogulitsa nsomba wa ku Nambuma. Tikupempha MACRA kuti ilifotokoze m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo Muslim Association of Malawi, Qadria Muslim Association of Malawi pamodzi ndi Radio Islam aifikitse nkhaniyi m'mizikiti ndi m'madrasa.

Nafenso m'mabanja tili ndi gawo lathu. Tisanalipire pulogalamu iliyonse, tifunse chimene imasunga ndi nthawi imene imachisunga. Nthawi za Swala zimapezeka pongolemba dzina la boma, popanda kulola foni kutilondola usana ndi usiku. Popereka foni kwa wokonza, tiyambe tatuluka m'maakaunti athu. Ndipo nkhani zolemera za mumtima tizipite nazo kwa dokotala kapena kwa Shehe, anthu amene tikhoza kuwayang'ana m'maso ndi kuwafunsa akaphwanya amana.