Makomo Otsekedwa

Ambiri a ife timayesa kuti Ayuda onse ankafunitsitsa dziko laolao kuyambira kale. M'mapemphero ankatchuladi Yerusalemu, koma za kukhazikitsako boma ambiri sadazivomereze.

Pamene Theodor Herzl adaitanitsa msonkhano woyamba wofunira Ayuda dziko mu 1897, aphunzitsi achipembedzo chao ku Germany adautsutsa, kotero kuti m'malo mwa Munich udakachitikira ku Basel, m'dziko la Switzerland. Ena ankati Mesiya yekha ndiye adzasonkhanitse Israyeli. Ena ankati kwao n'komwe adabadwira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Ayuda pafupifupi 100,000 adali m'gulu la asilikali a Germany, ndipo 12,000 adafera komweko.

Hitler atatenga ulamuliro mu 1933, zonsezo zidaiwalika. Malamulo a mu 1935 adawalanda ufulu wokhala nzika. Mu 1938 maiko 32 adakumana ku Evian, m'dziko la France, kukambirana za othawawo. Adamva chisoni pakamwa pokha, pakuti pafupifupi onse adakana kulandira ochuluka. Mu 1939 sitima yotchedwa St. Louis, itanyamula anthu oposa 900, idakanizidwa ku Cuba ndi ku America, nibwerera ku Ulaya, kumene 254 mwa iwo adaphedwa pambuyo pake. Pofika 1945, Ayuda 6 miliyoni adali ataphedwa.

Opulumuka adadzifunsa kuti: tsoka likadzabweranso, adzatitsegulire khomo ndani? Ambiri amene kale ankatsutsa Herzl adasintha mtima, ngakhale kuti ena akadatsutsabe mpaka lero. Mu 1947 bungwe la United Nations lidavomereza kugawa Palestina pawiri, ndipo pa 14 May 1948 dziko la Israyeli lidabadwa. Pa nkhondo ya masiku amenewo Aarabu a m'Palestina oposa 700,000 adathawa kapena kupirikitsidwa m'midzi yao, ndipo bala limenelo silinapole.

Tisaiwale kuti makomo ambiri adatsekedwa aja adali a maiko odzitcha achikhristu. Wakupha adali ndi mlandu wake, koma wokana mlendo adali nawonso wake. Tiwerenge Levitiko 19:33-34 pamodzi ndi ana athu, ndipo aone ndi maso ao momwe timalandirira wothawa nkhondo akagogoda pakhomo pathu.