Kufomata Si Mankhwala a Nthenda Iliyonse

Makaniko wa ku Biwi Triangle akalandira galimoto yotsokomola sathamangira kutsitsa injini. Amayamba wamvetsera kulira kwake, nayang'ana mapulagi ndi mafuta. Nchodabwitsa tsono kuti m'dera lomweli kompyuta ikangoyamba ulesi, mawu oyamba kumveka ndi akuti "ifomatidwe". Kufomata nkufufuta zonse za m'diski ndi kuikamo Windows mwatsopano. Pamodzi ndi nthendayo pamapita malikisi amene mphunzitsi wasunga chaka chonse, ngakhalenso makalata ofunsira ntchito a mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a MSCE.

Chikhalirecho nthenda zambiri nzazing'ono. Makina akamakwawa, mwini wake adinize pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka Task Manager, yoonetsa pulogalamu imene ikudya mphamvu. Pagawo la Startup azimitse mapulogalamu odzidzukira okha makina akayatsidwa, pakuti ambiri mwa iwo ndi alendo osaitanidwa.

Kuthima kwa magetsi nako kumapundula. Anthu a mu Lilongwe sanaiwale mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi akathima diski ili mkati molemba, mafayilo ena a Windows amatsala olumala. Wotsekula Command Prompt ndi ulamuliro wa Administrator nalemba sfc /scannow amapatsa makinawo mpata wodzichiza okha.

Chimene chaliza anthu ambiri ndi kachilombo koyenda m'mafulashi, kotengedwa kawirikawiri m'mashopu osindikizira makalata. Munthu amapeza mafoda ake onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pangodya, nataya mtima kuti zonse zapita. Ayi ndithu, kawirikawiri kachilomboko kamangobisa, sikafufuta. Kuona maso a nkhono nkudekha. Asadinize tizithunzito, chifukwa kutero nkudzutsa kachilomboko. Ayambe wasesa fulashiyo ndi Windows Security, kenaka mu Command Prompt alembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati fulashiyo ili pa chilembo E. Mafoda aja amabwerera poyera.

Pali nkhani inanso yofunika kuti aphunzitsi ayidziwe. Kampani ya Microsoft inasiya chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina akale ambiri a kaunjika sangalandire Windows 11 posowa kachipangizo ka TPM 2.0. Otere asatayidwe. Linux Mint njaulere, imayenda bwino pa makina okalamba, ndipo imadza ndi LibreOffice yolembera makalata. Koposa apo, imatha kudzuka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza za m'diski. Choncho ngakhale Windows itakaniratu kuyaka, mafayilo angathe kukopedwa kaye, bola diskiyo ikhale yamoyo. Mphunzitsi wa Computer Studies akanachita bwino kuonetsa ana ntchito imeneyi pa makina enieni asanatuluke Fomu 4, ndipo mmisiri wofomata asanafunse za mafayilo a mwini wake sayenera kupatsidwa ndi tambala yomwe.