KADONTHO KAKUDA KA KUPHAZI SI MANKHWALA OPONDA

Anyamata a kunyanja, ndi nonse amene tinathawira kuno ku Chinsapo, Kawale ndi Mgona, lero mundipirire, ndalusa.

Malume anga anakoka chilimila zaka zambiri opanda nsapato. Pachidendene panatuluka kadontho kakuda, kosapweteka. Kanayamba kukula, m'mbali mokhotakhota, kenako kutuluka magazi. Abale anati anaponda mankhwala pagombe, anawatchera ndi anzawo ansanje. Sing'anga anatemapo mphini ndi lezala, mbuzi inapita. Pomwe timawabweretsa ku Lilongwe, mwanabere anali atatupa kale. Tinaika maliro.

Ndiye wina andiuzebe kuti khansa ya pakhungu ndi ya azungu okha? Bodza! Anthu akudafe ilipo yathu, melanoma yomera pansi pa phazi, pachikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Bob Marley amene mumamuimba m'mabawa uja inamuyamba pa chala chakuphazi mu 1977. Anakana kudula chalacho, khansa inafika m'mapapo ndi mu ubongo, anamwalira pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36. Inu mumvekere anavulala pa mpira. Mpira wake uti?

Vuto ndi loti maso sangasiyanitse kadontho wamba ndi khansa. Ngakhale dokotala amangoganizira. Chilungamo chili pa maikulosikopu. Amadula kanyama, kapena kadontho konse, nkukaika m'botolo la formalin. Ku labu amakaumitsa mu phula, nkusenga tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi, nkupaka utoto kuti maselo aoneke. Katswiri amaona ngati maselo opanga mtundu wa khungu akhala mwadongosolo kapena abalalika nkuyamba kuloza pansi. Amayezanso kuya kwake. Ikakhala yosapitirira milimita imodzi, ambiri amachira akangoichotsa. Ikadutsa mamilimita 4, nkhani imavuta. Taganizani, moyo wa munthu ukulendewera pa mamilimita, inu mukutha miyezi kusaka mfiti.

Ndipo musanene kuti zimenezi nza ku Johannesburg. Pa Kamuzu Central pompa pali labu yotere kuyambira 2011, anaitsegula mothandizana ndi UNC Project. Kuchoka ku Biwi ndi minibasi basi. Zotsatira zimafuna kudikira, inde, koma kudikira pepala kuli bwino kusiyana ndi kukolopa bala ndi lezala, chifukwa mukatero mwaononga umboni umene katswiri akanauona, mizu nkutsala mkati.

Abale athu achialubino ndiye dzuwa likuwapweteka kwambiri, maka pabwato. Kabala ka pamlomo, pakhutu kapena pakhosi kosapola nakonso nkofunika kudula nkukayeza, osati kupaka phulusa.

Usiku uno mukamasamba, tembenuzani phazi muone. Muonenso la bambo anu ndi la agogo, iwo sawerama. Kadontho katsopano, kosintha mtundu, kokula, kotuluka magazi, kapena mzere wakuda pa chikhadabo ukukulirakulira, pitani kuchipatala chapafupi mukapemphe kalata yokutumizani ku Central.